Malo Pagome la Mfumu

PHUNZIRO 8

SABATA MASANA

Werengani sabata ino: Yohane 9:1-38, 2 Samueli 9, Marko 2:1-12, Levitiko 19:14, Marko 10:46-52, 1 Akorinto 12:12-27.

Vesi loloweza: 1 Akorinto 12:22.

Mfundo yaikulu: Munthu wolumala si mlendo wongomveredwa chifundo m'nyumba ya Mulungu. Iye ndi mwana wa m'nyumbamo, ndipo ali ndi malo ake ndi ntchito yake.

Makolo athu anati, lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Ananena zoona, pakuti palibe amene adziwa za thupi lake mawa. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Tikayesa ndi muyeso umenewu, mpingo wa anthu 200 ku Migowi kapena ku Chiringa uyenera kukhala ndi abale ndi alongo otere ngati 20. Ngati pa Sabata m'mawa tiona awiri okha, ena 18 ali kuti? Limeneli ndilo funso la phunziro lathu.

SANDE: ANACHIMWA NDANI?

Kodi ophunzira anafunsa chiyani ataona munthu wosaona chibadwire, nanga Yesu anawayankha motani? Yohane 9:1-7.

Ophunzira sanafunse dzina la munthuyo, kapena ngati anadya tsikulo. Iwo anafuna kudziwa wochimwa. Funso lomwelo likumvekabe m'midzi yathu, ngakhale mawu ake asintha. Mwana akabadwa ndi miyendo yofooka, ena amati atate ake anakhwimira chuma. Ena amati amayi ake anaphwanya mwambo ali ndi pakati. Kawirikawiri mlandu umagwera mayi, ndipo alipo amuna amene athawa banja pa chifukwa chimenechi.

Yesu anakana kuika tchimo pa munthuyo kapena pa makolo ake. Lero tikudziwa zambiri zimene zimadzetsa ulumali. Chikuku chimatha kuononga maso, malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi amatha kusiya mwana ali wosamva kapena wakhunyu, poliyo amapuwalitsa miyendo, ndipo mwana wovutika pobadwa amatha kuvulala ubongo. Khungu lachialubino mwana amalitengera kwa atate ndi amayi omwe, osati kwa mmodzi yekha. Khunyu si matenda opatsirana, choncho palibe chifukwa chothawira munthu amene wagwa pafupi ndi moto.

Onaninso kuti munthu uja atachiritsidwa anaima yekha pamaso pa Afarisi nachitira umboni molimba mtima, makolo ake ali ndi mantha (mavesi 20-34). Amene anayesedwa chitsanzo cha tchimo anasanduka mboni.

Kodi ndi mawu otani amene inu munamvapo, kapena kunenapo, pamene mwana wolumala anabadwa m'mudzi mwanu?

LOLEMBA: KUCHOKERA KU LODEBARA

Kodi Mefiboseti analumala motani? 2 Samueli 4:4. Nanga Davide anamchitira chiyani? 2 Samueli 9:1-13.

Mefiboseti anabadwa wabwinobwino. Ali ndi zaka zisanu, mbiri inafika yakuti Sauli ndi Jonatani afa kunkhondo, ndipo mlezi wake pothawa naye mwaliwiro anamgwetsa. Anakulira kutali, ku Lodebara, m'nyumba ya munthu wina. Pamene anafika pamaso pa Davide anadzifanizira ndi galu wakufa. Munthu amene wanyozedwa nthawi yaitali amayamba kudziyesa ndi muyeso wa omnyoza.

Davide akanatha kumtumizira thumba la ufa mwezi ndi mwezi, ndipo anthu akanamtamanda. Koma anachita zinthu ziwiri zoposa pamenepo. Anambwezera minda ya agogo ake, kuti akhale ndi pogwira pakepake, ndipo anamuika pagome lake ngati mmodzi wa ana a mfumu. Mutuwo ukutha ndi kutikumbutsa kuti mapazi ake anali opunduka chikhalire. Sanachiritsidwe kuti alandiridwe.

A Dorika amachita bwino pogawa zovala ndi chakudya, ndipo ntchito imeneyi isaleke. Koma mphatso yoperekedwa pakhomo si yofanana ndi mpando wa m'nyumba. Taganizirani za Sabata la Mgonero wa Ambuye. Pa mwambo wosambitsana mapazi, kodi ndani amatenga beseni ndi kugwada pamaso pa mbale wa mapazi opindika, amene wabwera chokwawa m'fumbi? Nanga iye amapatsidwa mpata wosambitsa mnzake?

Kodi m'dera la mpingo wanu muli Lodebara, nyumba imene mwana amabisidwamo alendo akafika?

LACHIWIRI: NGONDYA ZINAYI ZA MPHASA

Kodi Yesu anaona chikhulupiriro cha yani ku Kapernao? Marko 2:1-12.

Anthu a ku Phalombe amadziwa tanthauzo la kuthawa. M'mwezi wa Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala ikuluikulu zinatsika m'phiri la Michesi, ndipo anthu mazanamazana anafa. Akuluakulu amaitchula ngoziyo kuti Napolo. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsanso maliro otero, nadula misewu ndi milatho, kotero kuti madera ngati Nkhulambe anavuta kufikako. Pa tsiku lotere wosamva samva mfuu ya anzake, wosaona sadziwa kumene madzi akuchokera, ndipo wopuwala sangathe kukwera chitunda. Moyo wake umadalira ngati wina anamkumbukira. Ngakhale atafika pamsasa, iye ndiye amatsalira pamzere wolandira chakudya.

Wodwala manjenje wa ku Kapernao anali ndi anthu anayi omkumbukira. Atapeza khomo latsekeka ndi khamu, sanabwerere, koma anasasula denga. Tizindikire kuti otseka khomowo sanali adani a Yesu. Anali omvera ulaliki, ndipo anapereka misana yawo kwa munthu wofuna kulowa. N'zotheka kumva Mawu mwachidwi, uku titatsekereza mnzathu njira.

Munthu mmodzi sanganyamule mphasa ya ngondya zinayi. M'mabanja ambiri ngondya zonse zili m'manja mwa mayi mmodzi, amene sangathe ngakhale kupita ku msonkhano wa misasa chifukwa palibe womlandira.

Mvula isanayambe, kodi adikoni a mpingo wanu akudziwa nyumba iliyonse imene muli munthu wosatha kuthawa yekha, ndi mayina a amene adzamnyamule?

LACHITATU: CHOKHUMUDWITSA PANJIRA

Werengani Levitiko 19:14. N'chifukwa ninji lamulo ili likutha ndi kuopa Mulungu?

Wogontha samva temberero, ndipo wakhungu saona woika mwala panjira. Wolakwayo sangagwidwe ndi munthu, koma Mulungu amamva ndi kuona m'malo mwawo. Zokhumudwitsa zathu n'zambiri: masitepe aatali pakhomo la kachisi, chimbudzi cha khomo lopapatiza, ulaliki wopanda womasulira m'chinenero chamanja, ndi mayina achipongwe. Kuyambira chaka cha 2014 dziko lathu linachita manyazi ndi kuphedwa kwa anthu achialubino, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Mpeni usanatulutsidwe, lilime linali litayamba kale kuwachotsa pa mtundu wa anthu.

Ena amatchula Levitiko 21:16-23, pamene wansembe wachilema analetsedwa kupereka nsembe. Utumiki umenewo unali chithunzi cha Kristu, Wansembe wopanda banga, ndipo unatha pamtanda. Ngakhale pa nthawiyo, vesi 22 likusonyeza kuti wansembeyo ankadya nawo chakudya chopatulika. Sanachotsedwe pagome.

Kodi khamu linamchitira chiyani Bartimeyu, nanga Yesu anamfunsa chiyani? Marko 10:46-52.

Khamu linamuuza kuti akhale chete. Yesu anaima, namuitana, namfunsa chimene iye mwini anafuna. Boma linakhazikitsa malamulo oteteza anthu olumala m'chaka cha 2012 ndiponso m'chaka cha 2024, ndipo n'koyenera kuti tiwamvere. Koma lamulo silingaphunzitse mtima kuima ndi kufunsa. Tisamange chotsetsereka cha njinga ya olumala tisanafunse mwini njingayo.

LACHINAYI: ZIWALO ZOFUNIKA

Kodi Paulo akunena chiyani za ziwalo zooneka ngati zofooka? 1 Akorinto 12:21-26. Yerekezani ndi Eksodo 4:10-12.

Paulo sakunena kuti ziwalo zimenezi tizipirire, koma kuti thupi silingakhale popanda izo. Mose anadandaula za lilime lake lolemera, koma Mulungu anamtuma chomwecho kwa Farao.

Mbiri ya mpingo wathu ikuchitira umboni. Ellen Harmon, amene anadzakhala Mayi White, anagendedwa mwala kumaso ali ndi zaka 9 mumzinda wa Portland ku America. Dzanja lake linkanjenjemera mwakuti sanathe kupitiriza sukulu, koma ndi dzanja lomwelo anadzalemba mabuku amene tikuwerenga lero. M'chaka cha 1899 mnyamata wosaona, Austin Wilson, anayamba ku Battle Creek ntchito yosindikiza uthenga wa Chiadiventi m'zilembo za Braille, ndipo ntchitoyo, yotchedwa Christian Record, idakalipo. Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1920, mishoni ya Malamulo inayamba kulandira odwala khate pamene midzi yawo inkawataya.

M'boma la Phalombe ana osaona amaphunzira pa sukulu ya Nazombe, ndipo ku Montfort, ku Nguludi, amaphunzitsa aphunzitsi a ana otere. Mwana wodziwa kuwerenga ndi zala angathe kuwerenga lipoti la mishoni pa Sukulu ya Sabata. Mlongo woyenda panjinga angathe kukhala mlembi kapena msungichuma. Wosamva angathe kukhala dikoni.

Pamene komiti yosankha maudindo inakhala pansi chaka chatha, kodi dzina la wolumala aliyense linatchulidwa? Ngati ayi, chosowa chinali mphatso, kapena maso athu?

LACHISANU: KUPHUNZIRA KOPITIRIRA

Werengani Luka 14:12-24 ndi Yesaya 35:3-6.

Tili ndi chiyembekezo chodala chakuti Yesu akadzabweranso maso adzaphenyuka, makutu adzatseguka, ndipo wopunduka adzalumpha. Koma chiyembekezo chimenechi chisakhale chophimbira ulesi wathu. M'fanizo la phwando mwini nyumba sanadikire kuti alendo ake achire. Anatuma kapolo kukawatenga monga analili. Ndipo ngati mbale wapemphereredwa koma sanachire, tisamuuze kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Paulo anapempha katatu, ndipo minga yake sinachotsedwe (2 Akorinto 12:7-10).

Mafunso okambirana:

1. Mayi wina wasiya kubwera kukachisi chifukwa mwana wake wolumala ubongo amafuula pa nthawi ya ulaliki, ndipo anthu amacheuka. Kodi kalasi lanu lingachite chiyani Sabata likudzali?

2. Mnyamata wa mumpingo afuna kukwatira mtsikana wachialubino, koma ankhoswe akukana. Kodi akulu a mpingo angawalangize motani kuchokera m'Malemba?

3. Ana obadwa ndi mapazi opindika amatha kuwongoledwa akafika msanga kuchipatala, monga cha Beit CURE ku Blantyre, ndipo khunyu lili ndi mankhwala ochepetsa kugwa. Kodi mpingo ungathandize bwanji makolo kuphatikiza pemphero ndi chithandizo chotere?

4. Tchulani chokhumudwitsa chimodzi pa kachisi wanu chimene mungachotse mwezi uno popanda ndalama zambiri. Mudzafunsa yani musanayambe?

Mwachidule: Tonsefe tinapezedwa ku Lodebara, opunduka ndi tchimo, ndipo Mfumu inatiitanira pagome lake mwa chisomo. Amene anaitanidwa motero sangakanize mnzake mpando.