Dziwani ufulu wanu: tsiku la chisankho silisankhidwa ndi Pulezidenti

Anthu a ku Domasi, Songani ndi Malosa, dziwani kuti tsiku loponya voti linalembedwa kale mu Gawo 67 la Malamulo Oyendetsera Dziko. Nyumba ya Malamulo imatha mphamvu pa 23 July m'chaka chachisanu kuchokera pomwe inasankhidwa, ndipo chisankho chimachitika Lachiwiri la sabata yachitatu ya September. N'chifukwa chake tinavota pa 16 September 2025. Zikavuta, bungwe loyendetsa zisankho la MEC likhoza kusuntha tsikulo, koma osapitirira masiku 7.

Kale tinkavota mu May. Khoti litathetsa zotsatira za chisankho cha Pulezidenti cha 21 May 2019, linalamula kuti chibwerezedwe pasanathe masiku 150, ndipo chinachitikadi pa 23 June 2020. Kenako aphungu anasintha lamulo kuti mavoti a Pulezidenti, phungu ndi khansala aziponyedwabe tsiku limodzi, ndipo anasunthira chisankho ku September.

Kwa ife a m'chigwa, September ndi wabwino: mpunga takolola, mitsinje yaphwa, agogo afika pamalo ovotera osawoloka madzi. Wina akadzakuuzani kuti chisankho cha 2030 chaimitsidwa, mufunseni gawo la lamulo lomwe likulola zimenezo.