Foni, mchere ndi BP: makalata ochokera ku Mbayani

WOULUTSA: Sabata ino pa pologalamu yathu ya zaumoyo makalata ambiri achokera ku Mbayani ndi madera oyandikana nako, ndipo akukamba nkhani imodzi: maphunziro a zaumoyo amene ana athu akuwapeza pa foni ndi pa tabuleti.

DOKOTALA: Tsegulani makalatawo timve.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera kwa mayi ogulitsa tomato pamsika wa Mbayani. Akuti: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2. Aphunzitsi awo anawaonetsa kanema pa foni wonena za BP ndi shuga. Chiyambire tsiku limenelo mchere akumaubisa, Sobo akuti tizithiramo madzi ambiri. Kodi matenda amenewa si a achikulire ndi anthu andalama? Akuopsezeranji ana?"

DOKOTALA: Amayi, mwanayo musamukalipire, wamva bwino phunzirolo. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO anayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, m'tauni ndi m'midzi momwe. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse magazi ake amathamanga kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Pafupifupi 6 pa 100 alionse anali ndi shuga. Amenewo sanali mabwana a ku Namiwawa okha ayi. Anali alimi, ogulitsa pamsika ngati inuyo, akabaza.

Mwina mukuti, nanga mwana wa zaka 15 zikumukhudza pati? BP siyamba tsiku limene munthu wagwa ndi sitiroko. Mitsempha ya magazi ili ngati paipi ya madzi: ikapanikizika zaka ndi zaka, imadzaphulikira pamene pali pofooka, kaya mu ubongo, kaya mu impso. Ndipo lilime limazolowera mchere munthu akadali mwana. Wa zaka 50 ukamuuza kuti achepetse mchere amati ndiwo sizikukoma. Wa zaka 15 amazolowera m'masabata ochepa.

WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira. Werengerani wa m'ndiwo, wa mu usipa kapena bonya wouma, wa m'timakyubu tokometsera ndiwo, wa m'tchipisi cha pachiwaya ndi wa m'ma Kamba amene ana amagula pageti. Shuga nayenso: botolo la 500 ml la zakumwa zoziziritsa kukhosi zambiri limakhala ndi magalamu pafupifupi 50, masupuni aang'ono 12 kapena kuposa, ndiye kuti muyeso wa tsiku lonse wathera m'botolo limodzi. Ndikudziwa kuti munamva kuti shuga wathu amathiramo Vitamini A ndipo mchere amathiramo ayodini. N'zoona, koma kuti mupindule nazo simufunikira wochuluka.

Mawu anga kwa mwanayo ndi awa: mwana wanga, usachititse manyazi amayi ako pa chakudya chimene avutikira kupeza. Bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, nyemba ndi nsima ya mgaiwa ndi chakudya chabwino kuposa zambiri za m'mashopu akuluakulu. Chimene ungasinthe n'chakuti mchere uthiridwe pophika basi, usabwerenso pamphasa.

WOULUTSA: Yachiwiri ndi ya aphunzitsi a Life Skills, kusukulu ina ya ku Mbayani konko. Akuti: "Tikumva kuti maphunziro a zaumoyo azichitika pa makina amakono. M'kalasi mwanga ana ndi ochuluka moti ena amakhala mpaka pakhomo. Magetsi amazimazima, bandulo ndimagula ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Kodi zimenezi si za sukulu zolipira?"

DOKOTALA: Aphunzitsi, dandaulo lanu ndi lomveka. Matabuleti amene boma linayamba kugawa mu 2023 pa ndondomeko ya BEFIT ndi a ana a Sitandade 1 mpaka 4, ndipo ntchito yake ndi kuwerenga ndi masamu. Za BP ndi shuga mulibe. Koma ndondomekoyo yationetsa chinthu chofunika: makinawo amatchajidwa ndi sola, maphunziro ake ali m'Chichewa, ndipo mwana akamaphunzira safunika intaneti. Aliyense wofuna kupangira achinyamata a ku Mbayani maphunziro a zaumoyo ayambire pamenepo. Akapanga chinthu chofuna bandulo tsiku ndi tsiku, wapangira ana a kwina.

Foni imene ilipo m'nyumba zambiri ndi ya amayi kapena achimwene, nthawi zina ya mabatani, ndipo mwana amaigwira madzulo mwini wake akailola. Ndiye gwiritsani ntchito zimene zilipo. Kanema wa mphindi zitatu mum'tsitse kamodzi, mum'sunge pa memore khadi, mnzanu wa kalasi ina mum'patse pa Bluetooth. Foni imodzi ndi kasipika zikwanira kalasi yonse ngati uthengawo uli wa mawu. Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo: pa Airtel mumaimba 54747 kwaulere, n'kulankhula ndi wazaumoyo weniweni. Anawo alembe mafunso awo pakapepala popanda dzina, inu muimbe foni ili pa sipika, onse amvere limodzi.

Koma kanema yekha sakwanira. Pemphani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena anamwino a kuchipatala chapafupi abwere ndi makina oyezera BP tsiku la msonkhano wa makolo. Mwana akaona bambo ake akuyezedwa, n'kumva kuti 140 pa 90 kapena kuposa pamenepo, ikabwerezabwereza, ndi chizindikiro chofuna chipatala, phunzirolo lafika kwawo.

Ndipo musamale ndi makanema akunja. Amakamba za mabaga ndi pitsa, zimene ana anu ambiri sanalaweko, n'kusiya zimene zikutipweteka kuno. Choyamba ndi zilonda za pakhosi. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 akamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi, makolo ambiri amangogula Panado pagolosale. Zina mwa zilonda zimenezo zimayamba ndi tizilombo timene, tikapanda kuphedwa ndi penisilini, thupi polimbana nato limawononga zotsekera za mumtima. Mtsikana amadzafika kuchipatala cha Queen Elizabeth ali ndi pakati, miyendo itatupa, akubanika, chonsecho gwero lake ndi pakhosi pamene panawawa ali Sitandade 5. Kuchiza pakhosi n'kotchipa. Kukonza mtima kumafuna opaleshoni yaikulu imene mabanja ambiri sangaikwanitse. Chachiwiri ndi utsi wa mbaula. Mvula ikagwa timalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko ndi mawindo, ndipo mwana wa mphumu ndiye woyamba kuvutika. Chachitatu, anawo adziwe kuti ulipo mtundu wa shuga umene umagwira ana, ngakhale oonda, osati chifukwa chodya zotsekemera. Mnzawo akamamva ludzu losatha, akamakodza pafupipafupi usiku, akamaonda pomwe akudya, athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo. Amafunika jakisoni wa insulin, ndipo kuchedwa kumapha.

WOULUTSA: Yachitatu yalembedwa ndi mnyamata wa Fomu 4 wa ku Chemusa. Akuti: "Bambo anga ali ndi shuga ndi BP. Pagulu la WhatsApp la kumpingo kwawo munabwera uthenga wakuti adyo, chammwamba ndi mandimu zimachiziratu matendawa. Asiya mankhwala mwezi wathawu ndipo akuti akupeza bwino. Ine kusukulu ndinaphunzira zosiyana, koma ndiwauza bwanji bambo anga?"

DOKOTALA: Mwana wanga, wachita bwino kulemba, ndipo usadikire sabata yamawa. BP nthawi zambiri siipweteka. Munthu amatha kumva bwinobwino pomwe impso ndi maso zikuwonongeka. Chammwamba ndi ndiwo yabwino, adyo akometse ndiwo, koma palibe chimodzi mwa zimenezo chimene chimalowa m'malo mwa mankhwala. Matenda awiriwa timawaweta moyo wonse, ndipo amene akukuuza kuti amawachiziratu kawirikawiri amakhala ndi botolo loti akugulitse.

Usakayambe ndi mawu akuti "mwalakwitsa", bambo sangamve zimenezo kwa mwana. Lankhula ndi amayi ako kapena amalume, ndipo pempho likhale limodzi: tiyeni tikangoyezetsa. Utenge buku lawo la kuchipatala, uwaperekeze. Makina akayankhula okha, ndipo kuchipatala cha boma kuyeza ndi kwaulere. Ukaona pakamwa papotoka, mkono wafooka mbali imodzi kapena mawu akulemera, usapake mankhwala, usadikire kuche: pezani galimoto mupite ku Queen Elizabeth nthawi yomweyo.

Kalata imeneyi ndi imene imandichititsa kulimbikira maphunziro amenewa m'sukulu. Foni zinalowa kale m'nyumba zathu, ndipo mabodza a zaumoyo analowera momwemo. Mwana aphunzitsidwe kufunsa: walemba uthengawu ndani? Akugulitsa chiyani? Kodi a Unduna wa Zaumoyo kapena a ku Kamuzu University of Health Sciences ananenapo zotere? M'mabanja ambiri mwana wa sekondale ndiye amawerengera makolo mauthenga, ndiye akhale woyamba kuzindikira bodza. Ndipo iwe mwini, popeza matendawa amayenda m'magazi a banja, fodya ndi shisha usayambe, timabotolo ta mowa wotchipa uzitalikire, ndipo uzichita zolimbitsa thupi mphindi 60 patsiku. Mpira wa pabwalo la sukulu ndi zitunda za ku Mbayani zikuwerengedwa momwemo.

WOULUTSA: Yomaliza ndi yaifupi, ya mtsikana wa ku Ndirande. Akuti mng'ono wake wa zaka 10 makolo amuletsa katemera wa khansa ya khomo la chiberekero chifukwa anamva pa foni kuti amatseketsa kubereka.

DOKOTALA: Limenelo ndi bodza, ndipo likutiphera amayi. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi yachuluka kwambiri padziko lonse. Imayamba ndi kachilombo ka HPV. Katemerayu anayamba wayesedwa ku Zomba ndi ku Rumphi, kenaka mu Januwale 2019 anafika dziko lonse, poyambira atsikana a zaka 9. Amagwira bwino ntchito akaperekedwa pa zaka 9 mpaka 14, mtsikana asanakumane ndi kachilomboko, ndipo atsikana miyandamiyanda m'mayiko ambiri anabaya n'kudzabereka bwinobwino. Achemwali, pitani ndi amayi anu ku Ndirande Health Centre akafunse okha mafunso onse ali kumtima. Amayiwo akafika kumeneko apemphenso kuyezedwa khomo la chiberekero, pakuti katemera ndi wa mwana, koma kuyezetsa ndi kwa iwo.

WOULUTSA: Nthawi yatithera. Bambo a ku Machinjiri amene mwafunsa za mwana wanu wa khunyu amene anzake akumusala kusukulu, kalata yanu ndi imene tidzayambe nayo sabata yamawa.