TULO NDI NTHENDA YA KHUNYU

Munthu akagona thupi lake lipumula, koma ubongo wake suleka nchito. M'ubongo muli timitsempha tosawerengeka, timene titumizana mauthenga ndi mphamvu yamagetsi yaing'ono ndithu. M'caka ca 1924 dokotala wina wa ku Germany, dzina lake Hans Berger, anayamba kulemba magetsi amenewa. Anaika timawaya kumutu kwa munthu, ndipo makina ake anajambula mizere yokwera ndi kutsika monga mafunde a pamadzi. Kupima kotere dzina lake ndi EEG.

Munthu akakhala cete atatsinzina, mafundewa afika 8 kapena 13 pa sekondi imodzi. Akagona tulo tofa nato, mafunde akula nayenda pang'onopang'ono, osakwana 4 pa sekondi. Pakudzuka, mafunde aang'ono ofulumira abweranso mwadongosolo, monga ng'ombe zituluka m'khola m'mawa, imodzi pambuyo pa inzake.

Koma kwa munthu wodwala khunyu nthawi zina sizitero. Timitsempha tambiri titulutsa magetsi nthawi imodzi, monga ng'ombe zopanikizana pakhomo la khola, ndipo pamzere paja paoneka tinsonga takuthwa ngati minga. Tinsongati tikonda kuoneka pamene tulo tayamba kumene, ndiponso pamene munthu ali kudzuka. Ndico cifukwa cake madokotala nthawi zina apima wodwala ali m'tulo, pakuti cimene cibisika ali maso cioneka bwino iye atagona.

M'caka ca 1957 dokotala winanso wa ku Germany, Dieter Janz, analongosola mtundu wina wa khunyu umene uyamba pa msinkhu wa unyamata ndi utsikana. Mwana akangodzuka, manja ake adzidzimuka okha, nagwetsa cikho kapena mbale. Tsiku lina angathe kugwa ndi kuphupha. Izi zicitika makamaka ngati usiku sanagone mokwanira.

Cotero mwana wodwala khunyu ayenera kugona msanga, ndi kumwa mankhwala a kucipatala tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Asagone pafupi ndi moto, ndipo asapite yekha kumtsinje mamawa. Mwa odwala 10, pafupifupi 7 aleka kugwa akalandira mankhwala oyenera.

Khunyu si ufiti ai, ndipo sipatsirana ngakhale ndi malovu. Mnzao akagwa, ana anzeru sathawa. Acotsa zinthu zimene zingamupweteke, namgoneka cammbali, osaika kanthu m'kamwa mwake. Akapitirira kuphupha mphindi 5, amtengere kucipatala msanga. Akatsitsimuka, asamuseke, amlandirenso m'kalasi monga mwa masiku onse.

MAFUNSO

1. Kodi Hans Berger anacita ciani m'caka ca 1924?
2. Mafunde a ubongo asintha bwanji munthu akagona tulo tofa nato?
3. Cifukwa ninji madokotala apima wodwala khunyu ali m'tulo?
4. Fotokozani zimene ana ayenera kucita mnzao akagwa khunyu.