Njinga Zakale za BMX

Njinga ndi chinthu chodziwika kwa mwana aliyense wa ku Malawi. M'misewu ndi m'tinjira ta m'midzi mumadutsa njinga zonyamula matumba a chimanga, makala, nkhuni ndiponso anthu. Koma pali mtundu wina wa njinga umene sunapangidwire kunyamula katundu. Njinga imeneyi ndi yaifupi, ilibe ponyamulira katundu, ilibe magiya osinthasintha, ndipo matayala ake ndi aang'ono koma onenepa. Dzina lake ndi BMX. Chodabwitsa ndi chakuti masewera a njinga imeneyi anayamba ndi ana, osati akuluakulu.

Nkhani yake inayambira ku California, m'dziko la America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kumeneko akuluakulu ankachita mipikisano ya njinga zamoto m'njira za fumbi, za zitunda ndi zokhotakhota. Ana ankasirira kwambiri, koma analibe ndalama zogulira njinga zamoto, ndiponso misinkhu yawo inali yosakwana. Choncho anatenga njinga zawo zopalasa napita nazo pa malo opanda nyumba. Kumeneko anaunjika dothi ngati zulu, nayamba kuthamanga ndi kulumpha monga ankachitira akuluakulu aja. Dzina lakuti BMX ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Bicycle Motocross, kutanthauza mpikisano wa m'fumbi wochitika pa njinga zopalasa.

Njinga imene ana ambiri ankakwera masiku amenewo inali Sting-Ray, imene kampani ya Schwinn ya mumzinda wa Chicago inayamba kupanga mu 1963. Matayala ake anali a mainchesi 20, ndiwo pafupifupi masentimita 51, ndipo inali yosavuta kukhotetsa. Mu 1970 mnyamata wina wa zaka 13, dzina lake Scot Breithaupt, anayamba kukonza mipikisano ya ana anzake mumzinda wa Long Beach. Chaka chotsatira, mu 1971, kunatuluka kanema wa njinga zamoto wotchedwa On Any Sunday. Koyambirira kwa kanemayo kunaoneka ana akuthamanga pa njinga zawo zopalasa. Ana a m'madera ena ataona zimenezi, nawonso anayamba masewerawa.

Posakhalitsa vuto linaoneka. Njinga zija sizinapangidwire kulumpha, motero mafelemu ankapindika ndipo ena ankathyoka. Makolo odziwa kuwotcherera zitsulo anayamba kuzilimbitsa. Mmodzi mwa iwo anali Gary Turner, amene anapangira mwana wake felemu ya chitsulo chopepuka koma cholimba kwambiri. Makolo ena ataiona felemuyo anafuna kuti awapangirenso ana awo. Ntchito imeneyi inakula mpaka inasanduka kampani yotchedwa GT, dzina lochokera ku zilembo zoyamba za maina a bamboyo. Kunabadwanso makampani ena monga Mongoose, Redline ndi Haro.

Chaka cha 1982 chinali chachikulu pa mbiri ya BMX. M'chaka chimenechi kunatuluka kanema wotchuka wotchedwa E.T., mmene mnyamata anaoneka akuuluka m'mwamba pa njinga ya BMX yopangidwa ndi kampani ya Kuwahara ya ku Osaka, m'dziko la Japan. M'chaka chomwecho kampani ya Raleigh ya ku Nottingham, m'dziko la Britain, inatulutsa BMX yake yotchedwa Burner. Ana ambirimbiri a kumeneko anaumiriza makolo awo kuti awagulire.

Koma mwana sakhalira kukhala mwana. Eni njingazo atakula, anaziiwala. Zina zinatayidwa kudzala, zina zinagulitsidwa ngati zitsulo zakutha, ndipo zina zinatsekeredwa m'nyumba zosungiramo katundu, mmene dzimbiri linazidya pang'onopang'ono. Chifukwa cha ichi, njinga za BMX za zaka zimenezo zimene zikadali zamphumphu ndi zosowa.

Lero ana a nthawi imeneyo ndi madoda ndi ntchembere, ndipo ena ali ndi zidzukulu. Ambiri mwa iwo, makamaka ku America, ku Britain ndi ku Australia, amafunafuna njinga zonga zimene anakwera pa ubwana wawo. Ena amafuna njinga imene ankangoisirira pa zenera la sitolo chifukwa makolo awo analibe ndalama. Amafufuza m'misika ya katundu wakale ndiponso pa intaneti. Njinga imene kale inkaoneka ngati chitsulo chachabe, tsopano ikhoza kugulidwa pa mtengo woposa wa njinga yatsopano.

Wosonkhanitsa njinga wanzeru sagula mothamanga. Iye amakumbukira mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto wowala ukhoza kubisa mng'alu kapena dzimbiri, ndipo anthu ena osakhulupirika amamata dzina la kampani yotchuka pa njinga wamba. Nchifukwa chake wogula amatembenuza njingayo ndi kuyang'ana nambala imene inadindidwa pa felemu, kawirikawiri kunsi kwa malo amene zopalasira zimazungulirapo kapena pafupi ndi tayala la kumbuyo. Nambala imeneyi imathandiza kudziwa ngati njingayo ndi yeniyeni, ndipo pa njinga zambiri imasonyezanso chaka chimene inapangidwa.

Akaigula, ntchito yoidzutsa imayamba. Amamasula chiwalo chilichonse ndi sipanala ndi kuchiika pachokha kuti chisasokonezeke. Tizitsulo togwidwa ndi dzimbiri amativiika mu viniga, kenaka amatikwecha, kutitsuka ndi kutiumitsa bwino. Malo onse ozungulira amawapaka girisi watsopano. Masipoko opindika amawachotsa ndi kuika ena, ndipo amawakunga limodzilimodzi mpaka gudumu lizizungulira mosagwedera. Nthawi zina pamapita miyezi yambiri munthu akufunafuna chishalo kapena mahandulo a chaka chomwe njingayo inapangidwa. Zoonadi, kuona maso a nkhono nkudekha.

Anthu okonda njinga zimenezi sagwirizana pa zonse. Ena amati njinga yakale iyenera kupakidwa utoto watsopano kuti ioneke monga tsiku limene inatuluka m'sitolo. Ena amakana, amvekere zipsera za pa njinga ndizo mbiri yake, choncho amangoitsuka ndi kuisiya ndi utoto wake wakale. Palinso kusiyana kwina. Ena amapachika njinga zawo pa khoma kuopa kuti zingawonongeke, pamene ena amati njinga yosakweredwa ili ngati ng'oma yosaimbidwa. Otsirizawa amasonkhana pa masiku oikika ndi kuyenda pamodzi m'misewu, agogo patsogolo, zidzukulu pambuyo.

Wokwera njinga yakale ayenera kusamala kwambiri. Chitsulo chimene chalumpha zitunda kwa zaka zambiri chimatopa, ndipo chikhoza kung'aluka m'malo owotcherera. Matayala akale amauma ndi kuchita ming'alu. Timphira ta mabuleki tikakalamba timalimba, ndipo sitigwira bwino. Choncho asanakwere, munthu ayenera kuyang'ana felemu, kuyesa mabuleki, kumanga manati onse ndiponso kuvala chisoti choteteza mutu. Kulumpha kwakukulu amakusiyira njinga zatsopano.

Masewera amene anayamba ndi ana aja sanathe. Mu 2008 mpikisano wa BMX unalowa koyamba m'masewera a Olympics mumzinda wa Beijing, ku China. Pa mpikisano wotere okwera asanu ndi atatu amanyamuka pamodzi pamwamba pa chitunda, ndipo amamaliza njira yonse mphindi imodzi isanathe. Amene anapambana pakati pa amuna anali Māris Štrombergs wa ku Latvia, ndipo pakati pa akazi anali Anne-Caroline Chausson wa ku France. Sifiso Nhlapo wa ku South Africa anapikisana nawonso.

Akatswiri amenewa anakwera njinga zamakono zopepuka, koma gwero la zonsezi ndi tinjinga takale tija. Nchifukwa chake anthu amene amazitola, kuzikonza ndi kuzikwera amasunga mbiri imene ikanatha ndi dzimbiri. Chinthu chopangidwa bwino, chikapeza mwini wochisamala, chimatumikira mwana, kholo ndi mdzukulu yemwe.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zimasiyanitsa njinga ya BMX ndi njinga yonyamula katundu.
2. Kodi masewera a BMX anayambira kuti, ndipo anayamba bwanji?
3. Chifukwa chiyani Gary Turner anapangira mwana wake felemu yatsopano?
4. Ndi zinthu ziwiri ziti zimene zinachitika mu 1982?
5. Kodi nambala ya pa felemu imathandiza chiyani munthu wogula njinga yakale?
6. Kodi munthu ayenera kuchita chiyani asanakwere njinga yakale?
7. Inu mukugwirizana ndi ati: opachika njinga pa khoma kapena oikwera? Perekani zifukwa.

Ntchito

(a) Perekani matanthauzo a mawu awa, ndipo mupange chiganizo ndi liwu lililonse: kusirira, mng'alu, kukwecha, kukunga, gwero.

(b) Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "kuona maso a nkhono nkudekha".

(c) Jambulani njinga ndi kulemba maina a ziwalo zake zisanu ndi chimodzi.

(d) Funsani makolo kapena agogo anu za chinthu chakale chimene akusungabe pakhomo. Lembani ndime imodzi yofotokoza mmene amachisamalira.