Phunziro: Bwalo la ndege la pa chisumbu cha Saint Helena

Anzathu, lero tiwerenge za chisumbu cha Saint Helena. Chili pakati pa nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera ku gombe la Africa. Anthu ake sakwana 5,000. Chisumbu chonse ndi mapiri ndi maphompho otsetsereka m'nyanja.

Kale ulendo wa pa sitima kuchokera ku Cape Town unkatenga masiku 5. Wodwala wofuna chipatala chachikulu ankadikira sitimayo. Ife amene timanyamula odwala pa machira tikudziwa kuwawa kwa kudikira kotere.

Malo athyathyathya anali ochepa. Antchito anakwirira chigwa cha Dry Gut ndi miyala kuti njira ya ndege italike. Bwalo linatsegulidwa mu 2016. Koma mphepo! Ikawomba mapiri a m'mphepete mwa nyanja imatembenuka mwadzidzidzi, n'kugwedeza ndege pamene ikutera. Chifukwa cha ichi, maulendo a nthawi zonse anachedwa mpaka 2017, ndipo anayamba ndi ndege yocheperapo yochokera ku Johannesburg. Nkhungu ikakuta bwalo, ndege sitera.

Alendo amakwera masitepe 699 a Jacob's Ladder ku Jamestown. Amaona nyumba ya Longwood, kumene Napoleon anamwalira mu 1821. Tisaiwale kuti Angelezi anasunganso pa chisumbuchi mfumu ya Azulu, Dinuzulu, kuyambira 1890 mpaka 1897.

Tiyankhe:
1. Kodi mphepo imavutitsa bwanji ndege?
2. Dinuzulu anakhala kumeneko zaka zingati?