"Sitikupeza Vuto": Ufulu wa Wodwala Amene Matenda Ake Sakudziwika

Achemwali anga anayamba ndi dzanzi kumapazi. Patatha miyezi isanu ankayenda chogwira khoma, ndipo pofika nthawi yokolola tinkachita kuwanyamula popita kubafa. Kuchipatala anawayeza malungo, shuga, magazi ndi HIV, koma yankho linali lomwelomwelo: "Mayi, sitikupeza vuto." Tinkabwerera ndi panado m'kapepala, iwo ali pakaliyala ya njinga, mwana wawo atawagwira m'chiuno kuti asagwe. Kabuku kano ndalembera mabanja amene ali pamene ife tinali.

Dokotala akati sakupeza vuto, sakutanthauza kuti simukudwala, kapena kuti mukunamizira. Akutanthauza kuti zoyezera zimene ali nazo pamalopo sizinaonetse chimene chikukuvutani. Nkhani yanu sinathe, ndipo ufulu wanu sudikira kuti matendawo apatsidwe dzina.

Buku lanu la kuchipatala

Kwa munthu wa matenda osadziwika, buku la kuchipatala ndiye mboni yake. Madokotala amasinthana, amene munamupeza mwezi watha mwina simumuonanso. Chokhacho chimene chimayenda nanu ndi bukulo. Nthawi iliyonse mukayezedwa, pemphani kuti alembemo chimene ayeza ndi chimene apeza, ngakhale pamene sanapeze kanthu, chifukwa zimenezo zimathandiza wotsatirayo kuti asayambirenso poyamba. Likadzaza musalitaye, lisokereni pamodzi ndi latsopano. Lisungeni m'jumbo kuopa mvula, ndipo ngati pakhomo pali foni yojambula, jambulani masamba onse.

Gulaninso kope wamba. Muzilembamo tsiku limene dzanzi linayamba, pamene lafika tsopano, ngati mukutentha thupi usiku, ngati mwaonda, ndi mankhwala onse amene mwamwa, a zitsamba omwe. Pamzere wa anthu ambiri dokotala amakhala nanu mphindi zochepa, ndipo munthu akachita mantha amaiwala. Ife kope limeneli linatithandiza kuposa kulira kwathu konse.

Muli ndi ufulu wofotokozeredwa m'chilankhulo chimene mumamva, wofunsa ntchito ya mankhwala amene mwapatsidwa, wovomera kapena kukana chithandizo mutamva bwino zotsatira zake, wosungiridwa chinsinsi, ndiponso wopempha kuti dokotala wina akuoneni. Kufunsa si mwano. Mutha kunena mwaulemu kuti, "Adokotala, ngati kuno mwafika pothera, mungatitumize kuti?"

Kutumizidwa kuchipatala chachikulu

Zipatala za boma zili ndi masitepe. Mumayambira kuchipatala chaching'ono cha kwanu, kenako chipatala cha paboma, kenako chimodzi mwa zipatala zinayi zazikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Chokutsegulirani khomo ndi kalata yokutumizani. Musanyamuke opanda kalatayo, ndipo funsani tsiku limene madokotala a matenda anu amaona anthu, kuti musawononge ndalama ya ulendo pachabe. Chithandizo cha m'zipatala za boma n'chaulere, kupatula mbali yolipira imene munthu amasankha yekha. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti kalata ilembedwe, akukuberani. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM zimalipiritsa, choncho funsani mtengo musanagonekedwe.

Zina zofooketsa miyendo zimachizika zikapezeka msanga, monga TB ya msana, imene imatha kubisala munthu osatsokomola n'komwe. N'chifukwa chake sindilangiza aliyense kukhala pansi n'kumati "zidzatha zokha". Ndipo pali zizindikiro zosayenera kudikira tsiku limene anakulemberani: mkodzo kukana kutuluka kapena kutuluka osadziwa, kufooka kumene kukukwera msanga kuchokera kumapazi, kubanika popuma. Zikatere pitani tsiku lomwelo.

Ndodo, njinga ndi mafizo

Apa ndi pamene mabanja ambiri timachedwa. Achemwali anakana njinga ya olumala kwa miyezi ingapo. "Achimwene, ine si wolumala, ndichira," ankatero, misozi ili m'maso. Ndinkawamvetsa. Koma miyezi imeneyo anaithera pamphasa m'chipinda, osapita kutchalitchi, osaona msika, mpaka patako panayamba chilonda. Njinga siletsa munthu kuchira. Imamutulutsa panja, minofu n'kumagwirako ntchito, mtima n'kukhala m'malo.

Simufunika dzina la matenda kuti muyambe mafizo. Pemphani kuchipatala cha paboma kuti muonane ndi a mafizo ndi a mafupa. Iwo amaphunzitsanso wosamalira wodwala kuongola miyendo ndi kunyamula munthu osadzipweteka msana. Wodwala wogona amafunika kumutembenuza pakatha maola awiri aliwonse, ndi kumuyang'ana m'matako, m'chiuno ndi ku zidendene tsiku ndi tsiku. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, limene limadziwika ndi malo a Kachere ku Blantyre, lakhala likuthandiza anthu pa zoyendera ndi mafizo. Bungwe la boma limene tinkalidziwa kuti MACOHA tsopano ndi MACODA, potsatira lamulo la anthu aulumali la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012. Ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali.

Kuntchito ndi pakhomo

Ngati muli pantchito yolembedwa, lamulo la ntchito la 2000 limati munthu amene wagwira miyezi 12 mosalekeza ali ndi tchuthi chodwala cha masabata osachepera anayi a malipiro onse, ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro, chaka chilichonse. Chofunika ndi kalata ya dokotala yonena kuti simungathe kugwira ntchito. Kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito. Akakuchotsani, kadandauleni ku ofesi ya Labour paboma lanu. Zikakanika, nkhani imapita ku Industrial Relations Court.

Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama limene linayambira ku Mchinji mu 2006, ndi la mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Si aliyense wodwala amene amalowamo, koma kadziwitseni a mfumu, alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ndi ofesi ya Social Welfare, kuti banja lanu lidziwike pamene kalembera akuchitika.

Matenda akakhala opanda dzina, pamudzi amawapezera dzina lawo, ndipo chala chimaloza agogo kapena mnansi. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911, lomwe likugwirabe ntchito. Koma ngakhale lamulo lisanalowepo, ganizirani kuti amene mukumuloza chalayo mwina ndi yemweyo akanakutungirani madzi. Pempherani, itanani akumpingo adzakuoneni, koma tsiku la kuchipatala musaliphonye.

Mukalakwiridwa

Mukanyozedwa, kubwezedwa osaonedwa, kapena kuuzidwa kuti mulipire chithandizo chaulere, funsani ofesi ya ombudsman wa pachipatalapo. Nenani tsiku, nthawi ndi chipinda. Dandaulo lokhudza dokotala limapitanso ku Medical Council of Malawi, lokhudza namwino ku Nurses and Midwives Council, ndipo pamwamba pake pali ofesi ya Ombudsman ndi Malawi Human Rights Commission. Wodwala amene sangathe kuyenda atha kutuma mbale wake, atatenga buku lija.

Achemwali mpaka lero matenda awo alibe dzina. Amapita kumafizo kawiri pamwezi, ndipo tsopano amaima okha atagwira mpando mpaka madzi a tiyi kuwira. Tikamatuluka m'chipinda cha dokotala, iwo ndi amene amatambasula buku n'kunena kuti, "Adokotala, tilembereni tsiku lobweranso."