Za Phiri la Mulanje ndi Mikungudza Yake

Abale, yambani mwawerenga 1 Mafumu mutu 5. Pamenepo timva kuti Solomo anapangana ndi Hiramu mfumu ya ku Turo kuti amdulire mikungudza ya ku Lebano yomangira Kachisi, nasonkhanitsa amuna 30,000 a ntchito, nawatumiza kuphiri 10,000 mwezi uliwonse. Ambiri a ife tiwerenga nkhani iyi ngati ya kutali, osakumbukira kuti nafenso tinapatsidwa phiri la mikungudza.

Phiri la Mulanje lipambana mapiri onse a dziko lathu, ndipo nsonga yake, Sapitwa, italika mamita 3,002. Pamwamba pali madambo a udzu, ndi nkhalango m'zigwa. Kumeneko kuchokera mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Phalombe, imene anthu a m'munsi amamwa ndi kuthirira minda. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti kumagwa chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo usiku kuzizira koopsa. Miyezi ya chilimwe alendo amakwera ambiri, nagona m'tinyumba ta ku Chambe ndi ku Lichenya, ena nasamba pa Dziwe la Nkhalamba.

Mkungudza wa ku Mulanje suli mtundu umodzi ndi wa ku Lebano, ngakhale dzina ndi lomwelo. Sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi, koma pa phiri ili basi. Alexander Whyte anauona mu 1891, ndipo ophunzira za mitengo anautcha Widdringtonia whytei potsata dzina lake. Thabwa lake linunkhira bwino, chiswe sichilidya, silifulumira kuola m'madzi. Chifukwa chake anthu analifuna pa madenga, zitseko ndi mabwato. Ubwino wake womwewo ndiwo unaudzetsera tsoka. Boma linapatula phirili kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza unatchedwa mtengo wa dziko la Malawi, koma macheka sanaleke. Owerenga mitengo mu 2017 anapeza ikuluikulu 7 yokha.

Makolo athu ankaopa phirili, nanena kuti kuli mizimu, ndi kuti munthu akhoza kusowa komweko. Dzina la Sapitwa lomwe litero. Ife Akhristu sitiopa mizimu. Komatu tifunsane: mantha aja atachoka, tinaika chiyani m'malo mwake? Genesis 2:15 atiphunzitsa kuti munthu anaikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, kulima ndi kusunga. Yoyamba tiidziwa ndithu. Yachiwiri tiisiyira alonda a boma, ngati kuti mau aja analembedwera iwo okha. Ndipo tisanyoze wocheka yekha, amene kawirikawiri ali mmphawi wosenza thabwa pamutu kutsika nalo njira yaitali. Wogula thabwa lakuba kuti akhomere chitseko chake, kapena cha tchalitchi, ali nawo mlandu womwewo.

Mu Marichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika ku Phalombe, nizipha anthu ambiri, ndipo anthu anati ndi Napolo. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anachitanso chomwecho ku Mulanje ndi Phalombe. Sitinena kuti nkhwangwa ndiyo inagwetsa mvula ija. Koma mlimi aliyense adziwa kuti pa nthaka yopanda mizu madzi sakhalitsa, athamanga ndi dothi lomwe.

Tsopano anthu a m'midzi yozungulira phiri afesa mbeu za mkungudza m'manazale, ndipo mbande zambiri zabzalidwa pamwamba. Mtengowu ukula pang'onopang'ono, ndipo mdani wake wamkulu ukali waung'ono ndiye moto. Moto umenewo suchokera kumwamba. Autentha osaka nyama ndi mbewa m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma. Tsono tipempha akulu a mpingo ndi aphunzitsi a m'midzi ya Likhubula, Muloza ndi Phalombe kuti anene za moto pa msonkhano miyeziyo isanafike, ndi kuti anyamata akaitanidwa kukalambula njira zotchinga moto, apite.